Chenjezo: mwana akadzandira pabwalo, mpira wathera pomwepo

Mwana amene wagundidwa mutu pamasewero n'kudzuka akudzandira asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo. Kaya ndi ndime yomaliza ya chikho, kaya ndiye yekhayo amene amamwetsa zigoli m'timumo, kaya mwiniwakeyo akulumbira kuti ali bwinobwino, atuluke basi. Tikulankhula ndi inu aphunzitsi a zamasewero m'sukulu za ku Chileka, inu makochi a matimu a m'midzi ya ku Lirangwe, Matindi ndi Mdeka, inu oyimbira, inu makolo, komanso inu akuluakulu amene mumaponya ndalama za bonanza. Kudzandirako sikuchokera m'miyendo. Ndi ubongo umene wagwedezeka, ndipo ukamenyedwanso usanachire, mwana akhoza kulumala kapena kutisiya kumene.

Aliyense woonera mpira m'mabwalo athu akudziwa mmene zimakhalira. Kona yamenyedwa, anyamata awiri adumphira mpira umodzi, mitu phaa! Mmodzi ali gada pansi. Ochemerera akhamukira m'bwalo, wina akufuula kuti mthireni madzi, wina wavula malaya akumukupiza, wina wamunyamula miyendo m'mwamba. Posakhalitsa mnyamata uja waphethira, amudzutsa, waponya phazi kamodzi, kachiwiri wapepesukira kumbali n'kugwira phewa la mnzake. Gulu lonse kuseka, ati taonani waledzera. A kochi amugwira m'masaya: "Limba mphwanga, ndiwe mwamuna. Kwangotsala mphindi zochepa, tigwirire kumbuyoko." Wezulo yalira, mpira wapitirira. Ndipotu mabwalo ake ndi awa a kuchigwa kuno, amene pofika Okutobala amakhala opanda ndi kaudzu komwe, dothi louma gwa, timiyala paliponse, magolo a zitsulo kapena a milimo ya bulugamu yopanda chokutira chilichonse.

Chimene chimatipusitsa n'chakuti mwanayo sanakomoke ndipo sanatuluke magazi. Koma mwa anthu 10 ovulala motere, wokomoka amakhala mmodzi kapena osapezeka n'komwe. Ubongo ndi chinthu chofewa, ndipo umakhala m'timadzi m'kati mwa chigaza. Mukanyamula ndowa ya madzi pakabaza, woyendetsa n'kumanga mabuleki mwadzidzidzi, ndowa siiphulika koma madzi amakhavuka n'kumenya m'mbali. Ubongo umatero mutu ukagundidwa kapena kukankhidwa mwamphamvu, ndipo kuvulala kumeneku madokotala amakutchula kuti concussion. Timitsempha tonyamula mauthenga timakokeka, mchere wa m'kati mwake umasokonekera, ubongo n'kumafuna mphamvu zambiri zodzikonzera pa nthawi imene magazi opita kumeneko achepako. Ngakhale makina ojambula m'mutu nthawi zambiri saonetsa kanthu, chifukwa palibe chimene chasweka. Sizilira kuti agundidwe pamutu penipeni. Mtsikana wa mpira wamanja amene wakankhidwa ali m'malere n'kugwa chagada, mutu n'kudumpha, akhoza kuvulala chimodzimodzi.

Nanga kayendedwe kakubwerapo bwanji? Kuti munthu aime chilili kapena ayende osagwa, ubongo umalandira mauthenga kuchokera mbali zitatu nthawi imodzi. Maso amanena pamene pali nthaka ndi kumene zinthu zikulowera. M'kati mwenimweni mwa khutu lililonse muli tinjira titatu tokhota tokhala ndi madzi, timene timamva mutu ukatembenuka, ukawerama kapena ukapendekeka. Ndiye pali mitsempha ya m'mapazi, m'mawondo, m'chiuno ndi m'khosi, imene imanena pamene chiwalo chilichonse chili ngakhale munthu atatsinzina. Mauthenga onsewa amakakumana m'chigawo cha ubongo cha kunkhongo, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera lamulo lakuti phazi litere pati, thupi lipendekere kuti. Taonani mtsikana wochokera kumjigo atasenza malita 20, akutsika kachitunda, akucheza ndi anzake, osagwira ndowa, madzi osatayika. Zonsezo ubongo ukuchita iye osaganizira n'komwe. Ubongo ukagwedezeka, mauthenga aja amachedwa kapena kusemphana. Maso akunena zina, khutu likunena zina, ndiye chizungulire, nseru ndi kudzandira.

Kudzandira koonekeratu kwa pabwalo kumatha msanga, mwina pa mphindi zochepa, ndipo apa m'pamene pagona ngozi. Chimatsala ndi chobisika. Mwana amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale, amaponya mapazi pafupipafupi, amachedwa kunyamula phazi lakumbuyo, thupi limapendekera uku ndi uku kuposa masiku onse. Mlendo sangaone kanthu. Mayi ake akhoza kuona, ngati wina wawauza choti ayang'ane.

Ofufuza akhala akuyeza zimenezi kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa 2003 pa osewera a m'makoleji a ku America anapeza kuti mphamvu yoima osapendekeka imabwerera pakati pa masiku 3 ndi 5. Anthu ambiri anakhazikika mtima ndi zimenezo. Koma kuima chilili si kusewera mpira. Pa yunivesite ya Oregon, David Howell ndi anzake anatsatira achinyamata a kusekondale ovulala motere kwa miyezi 2, n'kumawayendetsa uku akuwapatsa ntchito ya m'mutu. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013, zinaonetsa kuti mwana akamangoyenda amaoneka ngati wachira, koma akamayenda uku akuganiza china, thupi limayambanso kupendekera m'mbali, ndipo zimenezi zinkaonekabe miyezi 2 itakwana. Mutu unasiya kalekale kupweteka, mwana akuseka ndi anzake, koma ubongo sukutha kusenza ntchito ziwiri pakamodzi.

Tsono tiuzeni, ndi liti pamene wosewera mpira amachita chinthu chimodzi chokha? Akuthamanga, akuyang'ana mpira, akumvera mnzake amene akumuitana, akuzemba mwendo wa mdani, akusankha poponda pa nthaka ya mabampu. Akachedwa pang'ono chabe kulamula phazi, bondo limapotoka, kapena amalephera kubisa mutu pamene chigongono chikubwera. Mu 2014 kunatuluka kafukufuku wa matimu akuluakulu 46 a m'maiko 10 a ku Ulaya, amene anapeza kuti wosewera amene ubongo wake unagwedezeka amavulala kawirikawiri m'chaka chotsatira, chiopsezo chake n'kukwera ndi pafupifupi 50 peresenti. Mu 2019 ofufuza ena ataphatikiza makafukufuku angapo anapeza kuti chiopsezo chovulala mwendo, bondo kapena kakolo chimawirikiza kawiri. Amenewo ndi anthu osewera pa kapinga wosalala, dokotala ali pambali. Mnyamata wa ku Lirangwe akathyoka bondo patatha mwezi chigundidwireni mutu, palibe amene amalumikiza ziwirizi. Timangoti ndi tsoka, kapena kuti amuponda ndi mankhwala, luso n'kuthera pomwepo.

Ana amachedwa kuchira kusiyana ndi akuluakulu chifukwa ubongo wawo ukukulabe ndipo khosi lawo silinalimbe mokwanira kuti ligwire mutu. Ku Canada anatsatira ana oposa 3,000 amene anafika m'zipatala atagundidwa mutu, ndipo lipoti la 2016 linati pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali akudandaulabe patatha masiku 28. Mwa zinthu zimene zinkalosera kuti mwana achedwa kuchira munali kukhala mtsikana, kukhala wa zaka 13 kupita m'tsogolo, ndiponso kulephera kuima phazi lina kutsogolo kwa linzake osapendekeka. Za atsikanazi tizimvetse bwino, chifukwa chionereni Tabitha ndi Temwa Chawinga akugwedeza maukonde kunja, atsikana ambiri m'sukulu zathu alowa mpira wamiyendo, ndipo n'zonyaditsa. Koma mtsikana akanena kuti akumva chizungulire, ndiye amene timafulumira kumunena kuti ndi manyado.

Ngozi siithera pabwalo. Mpira ukatha, mwana uja amabwerera kwawo, ndipo kwa ana ambiri a ku Lirangwe, Matindi ndi Lunzu njira yake ndi m'mphepete mwa msewu wa M1, kukuda, mathiraki opita ku Zalewa akudutsa mphepo ikumukankha. Wina amapalasa njinga, mng'ono wake ali pakaliyala. Wina ndi wakabaza kumene, m'mawa mwake adzanyamula mayi ndi mwana kumbuyo kupita nawo ku Chileka. Wina adzakwera mumtengo wa mango, wina adzawoloka mtsinje podumpha pamiyala, wina adzasenza thumba la chimanga kupita kuchigayo. Zonsezi zimafuna thupi lokhazikika ndi mutu wogwira msanga, ndipo mwanayo alibe zonse ziwiri, ngakhale iye mwini sakudziwa. N'chifukwa chake tikuti nkhaniyi si ya a kochi okha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: amene mwaona mwana akudzandira pabwalo, mperekezeni mpaka pakhomo, mukawauze makolo ake ndi pakamwa panu zimene mwaona. Iye akafika adzangoti tawina, n'kukagona.

Choopsa koposa ndi kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika ubongo umatupa mofulumira, ndipo ambiri mwa amene zawachitikira ndi ana ndi achinyamata. Benjamin Robinson wa ku Northern Ireland anali ndi zaka 14 mu Januwale 2011 pamene anagundidwa kangapo pamasewero a rugby a sukulu. Anamuyang'ana, n'kumubwezera m'bwalo, kenaka anagwa chakumapeto kwa masewerowo ndipo anamwalirira kuchipatala. Rowan Stringer wa ku Ottawa m'dziko la Canada, mtsikana wa zaka 17, anagundidwa mutu kangapo m'sabata imodzi mu Meyi 2013. Anauza anzake pafoni kuti mutu ukumupweteka, koma akuluakulu sanadziwe, ndipo anaseweranso n'kumwalira. Chigawo cha Ontario, kumene kuli Ottawa, chinakhazikitsa lamulo m'dzina lake mu 2018, lokakamiza matimu kutulutsa mwana aliyense amene akukayikiridwa kuti ubongo wake wagwedezeka. Ana amenewa anafera m'maiko a zipatala zapamwamba, ambulansi ili pafupi. Ife boma la Blantyre lilibe chipatala chaboma chachikulu chakechake kumidzi kuno. Wovulala kwambiri ulendo wake ndi wa ku chipatala cha Queen Elizabeth m'tauni.

Anyamata athu amatengera zimene amaona pa kanema m'mavidiyo a pa Lunzu ndi pa Lirangwe, ndipo zina mwa izo n'zoipa. Pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse mu 2014, Christoph Kramer wa Germany anagundidwa mutu, n'kupitiriza kusewera kwa mphindi zingapo, mpaka anafunsa woyimbira ngati imeneyi inalidi fainolo. Mu 2018 ku Russia, Nordin Amrabat wa Morocco anagundana ndi wosewera wa Iran, ndipo dziko lonse linaona akumuwaza madzi kumaso ndi kumumenya timbama kuti atsitsimuke, chimodzimodzi mmene timachitira kwathu kuno. Pambuyo pake ananena yekha kuti sankakumbukira za masewerowo. Patangotha masiku 5 anali m'bwalo kusewera ndi Portugal. Zimenezi zinadzudzulidwa kwambiri, ndipo malamulo asintha. Kuyambira pa 1 Julaye 2024, malamulo a mpira amalola mipikisano kuonjezera mwayi wosintha wosewera amene wagundidwa mutu popanda kudya mwayi wa timu wosintha osewera. Mu Seputembala chaka chomwecho, FIFA ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anayamba kampeni yolimbikitsa zomwezi. Ngati eni mpira avomereza, kochi wa m'mudzi alibenso chonamizira.

Ubwino wake ngwakuti kuyeza kayendedwe sikufuna makina. Akatswiri amene anakumana ku Amsterdam mu Okutobala 2022 anasunga m'ndondomeko yawo njira zoyezera zimene chida chake ndi mzere wapansi ndi wotchi. Lembani mzere wa mamita 3 ndi phulusa kapena laimu yomweyo imene mumalembera bwalo. Mwana ayende pamzerewo chidendene cha phazi lakutsogolo chikukhudza zala za phazi lakumbuyo, akafika kumapeto atembenuke n'kubwerera, mofulumira mmene angathere. Onani ngati akutuluka pamzere, ngati akusiya mpata pakati pa mapazi, ngati akufunafuna chogwira. Kenaka abwereze uku akuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 100, akuchotsa 7 nthawi iliyonse, kapena 3 ngati ndi wamng'ono; amene masamu amamuvuta atchule miyezi ya pachaka kuyambira Disembala kubwerera m'mbuyo. Apa m'pamene zobisika zija zimatulukira: mwana amaima kuti aganize, kapena amasiya kuwerenga kuti ayende. Njira ina ndi kumuimika manja ali m'chiuno, maso atatsinzina, kwa masekondi 20, choyamba mapazi ali pamodzi, kenaka phazi lina kutsogolo kwa linzake, kenaka pa mwendo umodzi, wina ataima pafupi kuti amuwakhe. Mphunzitsi wochenjera ayeze ana ake onse kumayambiriro kwa teremu ali bwinobwino, alembe nthawi ya aliyense m'kope pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni, kuti tsiku la ngozi akhale ndi poyerekezera.

Koma pano timvetsetsane. Kuyezaku ndi kothandiza kuona kuvulala ndi kutsatira mmene mwana akuchirira; si chiphaso chobwererera m'bwalo. Mwana amene wadzandira, amene wachedwa kudzuka, amene akuyang'ana mwabalalabalala, amene akugwira mutu, amene sakutha kuyankha kuti tili pabwalo liti, tikusewera ndi ndani, wagoletsa komaliza ndani, ameneyo watuluka kale, ngakhale atayenda pamzere bwinobwino. Zizindikiro zina zimabwera madzulo kapena mawa lake. Ndipo musamufunse kuti uli bwino, chifukwa yankho mukulidziwa. Mnyamata wa zaka 15 amene akulota zodzavala yunifomu ya Bullets kapena ya Wanderers, atsikana a m'kalasi mwake akuonerera, sanganene kuti mutu ukuzungulira.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, nkhani ya mzere isiyeni, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo: kukomoka ngakhale pang'ono, kugwedezeka thupi ngati wakhunyu, kusanza mobwereza, mutu wopweteka moonjezereka, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi kapena kufooka kwa mkono ndi mwendo, kuwodzera kosadzutsika, kubwebweta kapena ukali wachilendo, magazi kapena timadzi totuluka m'khutu ndi m'mphuno, ndiponso kupweteka kwa khosi. Samalani kwambiri ndi amene wamenyedwa m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu. Fupa la pamenepo ndi lopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Ukaphulika, munthu amatha kudzuka, kucheza, kudya nsima, patapita maola n'kuyamba kuwodzera magazi akuunjikana m'mutu. Ameneyo amapulumuka ndi opaleshoni yokha, ndipo ola lililonse ndi lamtengo wapatali. Chipatala chaching'ono cha pa Chileka, pa Lirangwe kapena pa Mdeka, ngakhalenso cha Mlambe pa Lunzu, ndi poyambira. Akakuuzani kuti pitani ku Queen Elizabeth, musabwerere kunyumba kukadikira kuti kuche. Kumeneko kuli madokotala a ubongo, ndipo kuyambira 2017 kuli chipatala cha Mercy James cha maopaleshoni a ana.

Kanyamulidwe kathu nakonso kamapha. Mwana amene wagona osadzuka, kapena akudandaula khosi, asakokedwe mikono ndi miyendo, asakhazikidwe tsonga, asamwetsedwe madzi. Munthu mmodzi agwade kumutu, agwire mutuwo ndi manja awiri kuti usatembenuke, ena abweretse chitseko kapena thabwa, amugoneke mutu ndi thupi zili mowongoka, apeze galimoto. Amene ali maso ndipo khosi lili bwino akhoza kukwera njinga yamoto, koma akhale pakati, wamkulu ali kumbuyo kwake atamugwira. Mukafika nenani nthawi imene anagundidwa, mmene anagwera, ngati anakomoka, ndi kuti wasanza kangati, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala.

Inu amayi ndi abambo, pali misampha iwiri imene timagweramo kunyumba. Woyamba ndi malungo. Mwana akadandaula mutu, akasanza, akafooka, maganizo athu amathamangira kumalungo, ndipo n'zomveka chifukwa matendawa ndi ambiri kuno. Kayezetseni ndithu, koma a dokotala auzidwe kuti dzulo anagundidwa mutu kumpira. Ngakhale malungo atapezeka, sakufafaniza kuvulalako. Msampha wachiwiri ndi kuganizira anthu. Mwana akayamba kudzandira, kuiwalaiwala, kupsa mtima pachabe ndi kulephera m'kalasi atachokera kokasewera ndi mudzi woyandikana, mawu amayamba kuyenda akuti a timu ina anakwirira zinthu pagolo. Masiku amene mukutha kufunafuna wolodza ndi omwewo amene mwana amafunika chithandizo, ndipo udani wa midzi iwiri umayambira pa chinthu chimene chili ndi chifukwa chodziwika.

Usiku woyamba mwana asagone yekha, ndipo maola oyambirira wamkulu asamuchoke. Kugona aloledwe, tulo ndi mankhwala, koma muzimuyendera kuona kapumidwe kake ndi ngati akudzutsika. Mutu ukamapweteka mpatseni Panado. Asipirini, bufeni ndi indosidi zisiyeni kaye masiku oyambawo chifukwa zikhoza kuonjezera kutaya magazi ngati m'mutu muli bala. Mowa asaulawe. Apume kwa tsiku limodzi kapena awiri, foni ndi kanema achepetse, koma musamutsekere m'chipinda chamdima sabata yonse. Akatswiri anasiya kulangiza zimenezo atapeza kuti kuyendayenda pang'ono pakhomo kumathandiza kuchira. Kusukulu abwerere asanabwerere kumpira, mwina kwa theka la tsiku poyamba, ndipo a hedi ndi mphunzitsi wa kalasi adziwitsidwe kuti asamupatse chibalo cholima kapena kumukalipira akamachedwa kukopera zapabolodi. Ngati mayeso a Maneb ali pafupi, m'pamenenso afunika kusamalidwa.

Kubwerera kumpira kumapita ndi masitepe, ndipo sitepe iliyonse itenge tsiku lathunthu kapena kuposa: kuyenda ndawala, kenaka kuthamanga pang'ono, kenaka kuthamanga ndi mpira yekha, kenaka kuphunzira ndi anzake popanda kugundana ndi popanda mahedi. Mutu kapena chizungulire zikabwerera mwamphamvu, aime, ayambirenso mawa pa sitepe yomweyo. Kugundana ndi masewero enieni zidikire kufikira zizindikiro zonse zitatha ndipo wachipatala wamuona. Ku Britain, malangizo a 2023 a masewero a m'madera amati wovulala motere asapikisane masiku 21 asanakwane. Ifenso titenge nambala imeneyo, chifukwa ndi yosavuta kukumbukira ndipo kuno kulibe dokotala pabwalo woti aziweruza mwana aliyense payekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha milungu 4 mwana akumvabe chizungulire kapena akuyenda mokayika, abwerere kuchipatala akapemphe kuonana ndi a mafizo, pakuti pali zolimbitsa thupi zophunzitsanso maso, khutu ndi miyendo kugwirizana. Akatswiri amenewa amaphunzitsidwa ku Blantyre konkuno pa yunivesite ya KUHeS, ndipo amapezeka ku Queen Elizabeth ndi ku Kachere.

Za mahedi tingonena mwachidule. Kuvulala kwambiri kumabwera mitu ikagundana kapena chigongono chikapeza mutu polimbirana mpira wam'mwamba, osati ndi mpira weniweniwo. Komabe America inaletsa mahedi kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi mu 2015, ndipo England inaletsa kuphunzitsa mahedi ana a kupulaimale mu 2020. Ana a Sitandade 4 alibe chifukwa choimitsidwa pamzere kuti azimenya ndi mutu mpira wa akuluakulu wopopedwa mpaka kuuma.

Chimene chimabwezera ana ovulala m'bwalo kwenikweni ndi ndalama ndi ulemu wa mudzi, ndipo tisanamizane. Bonanza imaseweredwa mothinana, Loweruka ndime ina, Lamulungu ndime yotsatira, mphoto ili patebulo, mlendo wolemekezeka wakhala pamthunzi, makamaka chisankho chikayandikira. Timu yabwera ndi osewera 13, wabwino ndi yemwe wagwayo. Kochi amene angamutulutse amadziwa kuti madzulo mudzi wonse umunena kuti wagulitsa gemu. Sitikumunyoza kochi ameneyo. Makochi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, mpira amagula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma n'chifukwa chake chiganizo chotulutsa mwana chisasiyidwe m'manja mwa kochi yekha. Woyimbira ali ndi mphamvu yoimitsa masewero wosewera akavulala kwambiri, ndipo mpikisano uliwonse umupatsenso mphamvu yokana kuti mwana wodzandira abwerere. Bungwe la FAM, loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno, liike phunziroli m'maphunziro onse a makochi ndi oyimbira, kuyambira otsikitsitsa, m'Chichewa. Bungwe la MASSA, limene limayendetsa masewero a m'sukulu, pamodzi ndi alangizi a maphunziro a m'mazoni, asalole mpikisano wa sukulu kuyamba popanda mphunzitsi mmodzi amene akudziwa zizindikirozi. Alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'midzi yathu ndi nkhani za katemera ndi ukhondo akhoza kuyendanso ndi iyi, ndipo mafumu amene amapereka malo a mabwalo ali ndi mawu pa zimene zimachitika pamenepo.

Kwa inu a phungu, a khansala ndi a bizinesi amene mumathandiza zikho ku Chileka ndi ku Lirangwe, pempho lathu ndi la zinthu zimene mungachite pa bonanza ikubwerayi. Wezulo yoyamba isanalire, makapiteni ndi makochi onse asayinire papepala kuti wogundidwa mutu akatuluka timu yake ilowetsa wina popanda kuwerengera, kuti dzina lake lilembedwa ndi komiti, ndipo sasewera m'timu ina iliyonse ya mpikisanowo kwa masiku 21. Pa ndalama za mphoto patulani kachigawo ka mafuta, mugwirizane ndi mwini galimoto mmodzi amene adzakhale pabwalo kuyambira masewero oyamba mpaka omaliza, ndipo nambala yake ya foni ikhale ndi woyimbira.